Chotupa cha m'kapamba: si chonse chimene chili khansa

Pali mawu ena amene dokotala akangowatchula, m'chipinda monse mumati zii. Amodzi mwa mawuwo ndi akuti "chotupa". Wodwala akajambulidwa m'mimba, n'kumveka kuti m'kapamba mwake mwaoneka chotupa, achibale ambiri sadikiranso kumva zina. Ena amayamba kuimbirana mafoni, ena kunong'onezana za maliro, ndipo ena amapempha kuti amutulutse akafere kunyumba. Mantha amenewa ali ndi chifukwa chake. Zotupa zambiri za m'kapamba mwa anthu achikulire zimakhaladi khansa, ndipo khansa ya kapamba ndi imodzi mwa khansa zovuta kuchiza.

Komabe alipo matenda ena osowa kwambiri amene amafanana ndi khansa ya kapamba pafupifupi pa chilichonse. Maso amachita chikasu, thupi limatsika, ndipo pa chithunzi pamaoneka chotupa. Pa Chingerezi amawatchula kuti autoimmune pancreatitis, mwachidule AIP. Matendawa si khansa, ndipo amamva mapiritsi otsika mtengo amene amapezeka ngakhale m'zipatala za m'maboma. Vuto lagona pa kuwasiyanitsa ndi khansa, chifukwa kuphonya mbali iliyonse kumapweteketsa munthu.

Amayi anzanga, ambiri mwa ife ndi amene timadwazika matenda m'mabanja mwathu. Ndife timagona pansi m'mawodi, ndife timamva zimene dokotala wanena n'kukazifotokoza kumudzi. N'chifukwa chake ndi bwino tidziwe kuti chithunzi chokha sichitchula dzina la matenda, komanso tidziwe mafunso oyenera kufunsa.

Kapamba ndi ntchito yake

Tiyambe tamvana kaye za dzinali. Mawu akuti kapamba ambiri timawagwiritsanso ntchito ponena chiwalo chimene chimatupa kumanzere kwa mimba, pansi pa nthiti, mwana akamadwaladwala malungo. Chimenecho ndi chiwalo china, chimene ntchito yake ndi kusefa magazi. Kapamba amene tikukamba pano, amene azachipatala amati pancreas, amakhala mopingasa kuseri kwa chifu, kufupi ndi msana. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 15, ndipo ali ndi mutu, thupi ndi mchira. Mutu wake uli kumanja, pamene matumbo aang'ono ayambira.

Kapamba ali ndi ntchito ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi kupanga madzi ogaya chakudya, opitirira lita imodzi pa tsiku, amene amadutsa m'kanjira kake n'kukathira m'matumbo. Madzi amenewa ndi amene amagaya mafuta, nyama, nyemba ndi nsima kuti thupi lipezemo mphamvu. Ntchito yachiwiri ndi kupanga insulin, imene imaonetsetsa kuti shuga asachuluke m'magazi.

Pali chinthu chinanso chofunika kuchimvetsa. Chiwindi chimapanga ndulu, ndipo nduluyo imatsika kupita m'matumbo kudzera m'kanjira kopyapyala kamene kamaboola mutu wa kapamba. Tsono mutuwo ukatupa, kaya ndi khansa kaya ndi matenda ena, umafinya kanjirako ngati mmene munthu amapondera paipi ya madzi. Ndulu imalephera kutsika, imabwerera m'magazi, ndipo maso ndi khungu zimasanduka zachikasu. Apa ndi pamene matenda awiriwa amayambira kufanana.

Asilikali akatembenukira kwawo

Thupi lili ndi chitetezo chake, chimene timakonda kuchitchula kuti asilikali a m'thupi. Ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Koma nthawi zina asilikaliwa amasokonezeka, n'kuyamba kuukira ziwalo za mwini wake. Matenda otere ndi amene amatchedwa autoimmune. Shuga wa mtundu woyamba, amene amagwira kwambiri ana ndi achinyamata, ali m'gulu lomweli, ngakhale kuti iye amangoononga tizigawo topanga insulin tokha.

Pa AIP, asilikali ambirimbiri amaunjikana m'kapamba, makamaka mozungulira tinjira take. Kapamba amatupa, ndipo pakapita nthawi amayamba kuuma ngati chipsera. Kutupako kukagwira kapamba yense, amafufuma n'kuoneka ngati soseji. Kukagwira malo amodzi, makamaka kumutu, kumaoneka ngati chotupa chenicheni cha khansa.

Matendawa sapatsirana. Simungawatenge podyera mbale imodzi ndi wodwala, pomuchapira zovala kapena pogona naye m'nyumba imodzi. Ndi osiyananso ndi kutupa kwa kapamba kobwera chifukwa cha mowa kapena timiyala ta m'ndulu, kumene kumabwera ndi ululu woopsa wa m'mimba ndi kusanza. AIP imabwera mwakachetechete, ululu wake umakhala wochepa, mwinanso osamveka n'komwe.

Mmene madokotala adawazindikirira

Mu 1961, dokotala wa ku Marseille m'dziko la France, Henri Sarles, pamodzi ndi anzake, adalemba za odwala amene kapamba wawo adatupa ndi kuuma popanda mowa, ndipo magazi awo adali ndi mapuloteni oteteza thupi ochuluka modabwitsa. Iwo adaganiza kuti mwina chitetezo cha m'thupi chili ndi mbali pa vutoli, koma padapita zaka zambiri nkhaniyi isadamveke bwino.

Mu 1995, madokotala a ku Tokyo m'dziko la Japan, motsogozedwa ndi Kenji Yoshida, adafotokoza za mayi wina wachikulire wa matenda otere amene adachira atapatsidwa mankhwala ochepetsa ukali wa chitetezo cha m'thupi. Iwo ndi amene adapereka dzina lakuti autoimmune pancreatitis. Mu 2001, Hideaki Hamano ndi anzake a pa yunivesite ya Shinshu, ku Japan komweko, adapeza kuti odwala matendawa amakhala ndi puloteni ina yotchedwa IgG4 yochuluka m'magazi. Mwa munthu wabwinobwino puloteni imeneyi imakhala yochepa zedi poyerekeza ndi zinzake. Patangopita zaka ziwiri, mu 2003, Terumi Kamisawa wa ku Tokyo adaonetsa kuti vutoli silithera m'kapamba mokha, koma limagwiranso ziwalo zina. Mu 2011 akatswiri a mayiko osiyanasiyana adafalitsa mfundo zimene adagwirizana kuti madokotala azitsata pofuna kutsimikiza matendawa.

Tikaona zaka zimenezi, tipeza kuti matendawa adziwika bwino posachedwapa. Anamwino ndi madokotala ambiri amene adaphunzira ntchito isadafike 2000 sadawapeze m'mabuku awo a kusukulu.

Kusowa kwake n'kotani? Ku Japan, kumene amawerenga odwalawa mosamala, kafukufuku wa dziko lonse wa 2016 adapeza kuti anthu pafupifupi 10 pa anthu 100,000 alionse ali ndi matendawa, ndipo chaka chilichonse amapezeka odwala atsopano pafupifupi 3 pa anthu 100,000. Amuna odwala adali pafupifupi atatu pa mkazi mmodzi aliyense, ndipo ambiri adali a zaka zopitirira 60.

Mitundu iwiri

Mtundu woyamba ndi umene umapezeka kawirikawiri. Umakonda abambo achikulire, ndipo ndi mbali chabe ya matenda a thupi lonse amene masiku ano amatchedwa IgG4-related disease. Kuwonjezera pa kapamba, matendawa amatha kutupitsa tiziwalo topanga malovu pansi pa chibwano ndi m'masaya, tiziwalo topanga misozi pamwamba pa maso, tinjira ta ndulu, impso, mapapo, ngakhalenso minofu ya kuseri kwa mimba imene imatha kufinya njira za mkodzo. Ziwalozi sizidwala nthawi imodzi ayi. Munthu atha kutupa pansi pa chibwano mbali zonse ziwiri lero, mopanda ululu, chikasu n'kudzabwera patapita zaka.

Mtundu wachiwiri ndi wosowa koposa. Umagwira kapamba yekha, anthu ake amakhala ocheperako msinkhu, nthawi zambiri a zaka za m'ma 40, ndipo susankha mwamuna kapena mkazi. IgG4 sakwera m'magazi, choncho kuupeza kumadalira kwambiri kupima kanyama ka kapamba. Ena mwa odwalawa amakhalanso ndi matenda a zilonda za m'matumbo aakulu otchedwa ulcerative colitis, amene amachititsa munthu kutsegula m'mimba mwa magazi kwa miyezi yambiri.

Zizindikiro zake

Chizindikiro chachikulu ndi chikasu chopanda ululu. Maso amasanduka achikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo chimbudzi chimatuwa ngati phulusa chifukwa ndulu siikufika m'matumbo. Thupi lonse limayabwa, makamaka usiku, mpaka munthu kudzikanda zilonda. Chilakolako cha chakudya chimachepa, thupi limatsika, zovala zimayamba kukhwepa. Ena amamva kuwawa pang'ono pachifu kapena kumsana.

Ambiri amapezeka ndi shuga mwadzidzidzi, kapena shuga amene adali naye kale amayamba kuvuta popanda chifukwa chooneka. Madzi ogaya chakudya akachepa, chimbudzi chimakhala chamafuta, chonunkha kwambiri komanso choyandama.

Mukawerenganso zizindikirozi muona kuti ndi zomwezo za khansa ya mutu wa kapamba. Palibe namwino, dokotala kapena sing'anga amene angasiyanitse matenda awiriwa pongoyang'ana wodwala ndi maso.

Nanga amasiyanitsa bwanji?

Palibe kupima kumodzi kumene kumapereka yankho lonse. Madokotala amasonkhanitsa umboni wa mbali zisanu, potsata njira imene akatswiri a pa Mayo Clinic ku America adaikonza mu 2006.

Mbali yoyamba ndi zithunzi. Sikani wamba wa m'mimba, yemwe timajambulira amayi oyembekezera, amatha kuonetsa kuti njira ya ndulu yatsekeka, koma kapamba samuonetsa bwino chifukwa amabisika kuseri kwa mpweya wa m'matumbo. Pamafunika CT scan kapena MRI. Pa AIP kapamba amatha kuoneka wofufuma yense, wokhala ndi kamkombero mozungulira, ndipo kanjira kake kamakhala kopanikizika pa mtunda wautali. Pa khansa, kawirikawiri kanjirako kamaduka mwadzidzidzi pa chotupa, kuseri kwake n'kufutukuka kwambiri, ndipo mchira wa kapamba umafota.

Mbali yachiwiri ndi magazi. Malire amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa IgG4 ndi 135 mg/dL. Akakwera kupitirira kawiri malirewo, umboni umakhala wamphamvu. Koma apa mpofunika kusamala. Odwala AIP ena IgG4 wawo sakwera, pamene pafupifupi mmodzi mwa odwala khansa ya kapamba 10 alionse amapezeka naye atakwera pang'ono. Chimodzimodzinso CA 19-9, imene imapimidwa pofufuza khansa, imatha kukwera mwa munthu aliyense amene njira yake ya ndulu yatsekeka, ngakhale alibe khansa.

Mbali yachitatu ndi kuyang'ana ziwalo zina, ngati zotupa za pansi pa chibwano, za m'zikope kapena zachilendo za mu impso. Apa wodwazika matenda ali ndi gawo lalikulu. Ngati bambo adatupapo m'masaya zaka zitatu zapitazo, uzani dokotala ngakhale sadafunse.

Mbali yachinayi ndi kupima kanyama, kumene amati biopsy. Dokotala amalowetsa kachubu kokhala ndi kamera kudzera pakamwa mpaka m'chifu, n'kubaya kapamba ndi kasingano kuti atenge kanyama kokaunika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Nthawi zina kumakhala kosavuta kutenga kanyamako pa chotupa cha pansi pa chibwano.

Mbali yachisanu ndi kuona mmene thupi likumvera mankhwala. Khansa ikafufuzidwa mokwanira osapezeka, ndipo umboni wina ukuloza ku AIP, akatswiri amatha kupereka prednisolone kwa milungu iwiri kenako n'kujambulanso. Ngati ndi AIP, chotupa chimakhala chitaphwa moonekeratu. Ngati sichidasinthe, amasiya njirayo n'kubwerera ku ganizo la khansa mosazengereza. Chimene amadalira ndi chithunzi chachiwiricho, osati kungomva wodwala akuti "ndikupezako bwino", pakuti prednisolone amapatsa mphamvu ndi chilakolako cha chakudya kwa masiku angapo ngakhale kwa munthu wa khansa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwake ndi kwa milungu yowerengeka, munthu ali m'manja mwa madokotala. Si kudekha kokhala kunyumba miyezi.

Kuphonya kwa mbali ziwiri

Kuphonya koyamba ndi kuyesa AIP ngati khansa. Opaleshoni ya khansa ya mutu wa kapamba imatchedwa Whipple, potengera dzina la dokotala wa ku New York, Allen Whipple, amene adaifotokoza mu 1935. Ndi imodzi mwa maopaleshoni aakulu kwambiri a m'mimba. Amachotsa mutu wa kapamba, chiyambi cha matumbo aang'ono, thumba la ndulu, mbali ya njira ya ndulu, nthawi zinanso mbali ya chifu, kenako n'kulumikizanso zotsalazo. Imatenga maola ambiri ndipo kuchira kwake n'kwa miyezi. Zipatala zazikulu za ku America zitabwereza kuunika zimene zidachotsedwa pa maopaleshoni amenewa, zidapeza kuti odwala awiri kapena atatu pa 100 alionse adali ndi AIP osati khansa. Anthu amenewo adataya ziwalo chifukwa cha matenda amene akadamva mapiritsi.

Kumene opaleshoni yotere siichitikachitika, kuphonya komweku kumaoneka mwa njira ina. Munthu amauzidwa kuti ali ndi khansa yosachizika, amapita kunyumba, ndipo amafooka pang'onopang'ono ndi chikasu, shuga ndi kuonda.

Kuphonya kwachiwiri n'koopsa koposa, ndiko kuyesa khansa ngati AIP. Khansa ya kapamba imathamanga. Ngakhale m'mayiko olemera, ndi odwala 15 mpaka 20 okha pa 100 amene amapezeka nthawi ikadalipo yochita opaleshoni. Munthu wotere akataya miyezi iwiri akumwa prednisolone, mwayi wake umatha. Tisaiwale kuti khansa ya kapamba ndi yochuluka kutalitali kuposa AIP. Tsono nkhani ino isatipatse chizolowezi chouza wodwala aliyense kuti "si khansa imeneyo". Chimene tikunena ndi chakuti dzina la matenda litsimikizidwe, wodwala alandire chithandizo choyenera matenda amene ali nawodi.

Mankhwala ake

AIP ikatsimikizika, mankhwala oyamba ndi prednisolone. Munthu wamkulu amayamba ndi 30 mpaka 40 mg pa tsiku, malinga ndi kulemera kwa thupi lake, kwa milungu iwiri mpaka inayi. Kenako dokotala amachepetsa pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi 5 mg pakatha mlungu umodzi kapena iwiri, mpaka patatha miyezi iwiri kapena itatu. Odwala oposa 9 pa 10 alionse amamva mankhwalawa. Chikasu chimatha, kuyabwa kumaleka, chotupa chimaphwa, ndipo kwa ena ngakhale shuga amene adabwera ndi matendawa amayamba kutsika. Njira ya ndulu ikatsekeka kwambiri, madokotala amatha kuikamo kapaipi kakang'ono kwa kanthawi.

Mtundu woyamba uli ndi khalidwe lobwerera. Mwa odwala atatu alionse, mmodzi kapena kuposerapo amadwalanso, mwina m'kapamba momwemo, mwina m'chiwalo china. Ku Japan madokotala ambiri amapitiriza kupereka mlingo wochepa, pafupifupi 5 mg pa tsiku, mpaka zaka zitatu. Kwina amasiyitsa mankhwala n'kumamuona wodwala pafupipafupi, ndipo matenda akabwerera amawonjezera mankhwala ena monga azathioprine kapena rituximab. Mtundu wachiwiri subwererabwerera.

Paja walira mvula walira matope. Prednisolone ndi mankhwala amphamvu ndipo ali ndi zovuta zake. Amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amanenepetsa nkhope ndi mimba, amasowetsa tulo, amafewetsa mafupa, ndipo amafooketsa chitetezo cha m'thupi kotero kuti matenda ena amalowa mosavuta. Ndi bwino kuwamwa m'mawa munthu atadya. Chachikulu n'chakuti munthu amene wawamwa kwa milungu ingapo asawasiye mwadzidzidzi. Thupi limakhala litachepetsa kupanga timadzi take tofanana ndi mankhwalawa, ndipo akangodukiza, munthu atha kufooka, kusanza, kukomoka, ngakhale kumwalira. Mapiritsi akatsala a mlungu umodzi, yambani kale kukonza ulendo wa kuchipatala.

Kuno kwathu chikasu chili ndi magwero ambiri

Munthu akachita chikasu kuno, AIP ndi chinthu chomaliza kuchiganizira. Zoyambitsa zimene timakumana nazo kawirikawiri ndi matenda a chiwindi a hepatitis, malungo aakulu, kuonongeka kwa chiwindi chifukwa cha mowa, timiyala ta m'ndulu, khansa ya chiwindi, komanso mankhwala ena, kuphatikizapo a TB ndi azitsamba ena. Katemera wa hepatitis B adayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti akuluakulu ambiri sadalandire ali ana. Chikasu cha mayi woyembekezera kapena cha khanda longobadwa kumene ndi nkhani inanso yapadera, yofunika kuthamangira nayo kuchipatala tsiku lomwelo.

Palinso matenda ena amene amapanga chotupa m'kapamba chofanana ndi khansa, ndipo awa ndi oyandikira kwa ife kuposa AIP. Ndi TB. Ambiri timaidziwa ngati matenda a chifuwa, koma imatha kukhala m'mimba, m'timwanabele tozungulira kapamba kapena m'kapamba mwenimwenimo, makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV. Nayonso imachizika ndi mankhwala a TB a masiku onse aja. Ichi ndi chifukwa chinanso choti chotupa chipimidwe chisadapatsidwe dzina.

N'chifukwa chakenso munthu sayenera kuyamba prednisolone asadapimidwe TB, HIV, hepatitis B ndi shuga. Mankhwalawa amatha kudzutsa TB imene idagona m'thupi, kapena kukolezera hepatitis B mpaka chiwindi kuonongeka. Amene amagula mapiritsiwa pamsika kapena m'magolosale, ena pofuna kunenepa, ena pofuna kuziziritsa nyamakazi, akusewera ndi moto. Kwa munthu wa chikasu, kumwa prednisolone wogula yekha kumasokonezanso zotsatira za kupima, madokotala n'kulephera kuona chimene chilipo.

Kupima konse kumene tafotokoza sikungachitike pa chipatala chaching'ono. Njira yake ndi ya makwerero. Pa chipatala cha kufupi amapima malungo ndi HIV, n'kulemba kalata. Pa chipatala cha boma kapena cha mishoni amapima magazi a chiwindi ndi kujambula sikani. Akaona kuti njira ya ndulu yatsekeka kapena pali chotupa, amatumiza wodwala ku chipatala chachikulu, monga Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba Central kapena Mzuzu Central, kumene kuli akatswiri a maopaleshoni ndi a matenda a m'kati mwa thupi. Ulendowu ndi wotopetsa ndipo umadya ndalama, koma sitepe iliyonse imachotsapo chikaiko china.

Gawo lathu ngati odwazika matenda

Choyamba, maso achikasu asagonetsedwe kunyumba. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Kaya choyambitsa ndi hepatitis, TB, khansa kapena AIP, mwayi wochira umakula munthu akafika msanga. Chikasu chikabwera ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena wodwala akayamba kusokonezeka mutu ndi kugona kwambiri, musadikire kuti kuche. Ndulu yotsekeka ikalowa tizilombo imatha kupha munthu m'masiku ochepa.

Chachiwiri, sungani mapepala onse. Buku la kuchipatala, zotsatira za magazi, zithunzi ndi makalata zikhale m'pulasitiki imodzi, ndipo ziziyenda ndi wodwala kulikonse. Dokotala amafuna kuyerekeza chithunzi cha lero ndi cha mwezi watha. Buku lakale likadzadza musalitaye, lisokereni pamodzi ndi latsopano.

Chachitatu, nenani mbiri yonse. Tchulani mankhwala onse amene wodwala wamwa, a kuchipatala, ogula ndi azitsamba omwe. Musabise za mowa. Tchulani zotupa zakale za m'masaya kapena m'zikope, kutsegula m'mimba mwa magazi, ndi nthawi imene shuga adayamba.

Chachinayi, funsani. Safunsa adadya phula. Mwaulemu wake mutha kunena kuti: "Adokotala, kodi chotupachi mwatsimikiza kuti ndi khansa, kapena mukuchiganizira chabe? Kodi kanyama kapimidwa? Kodi TB ya m'mimba mwaiyang'ana? Kodi pali matenda ena ochizika amene amaoneka chonchi? Nanga sitepe yotsatira ndi iti, ndipo tibwere liti?" Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Ngati simudamve, pemphani namwino akubwerezereni m'Chichewa chomveka, ndipo mmodzi wa inu alembe.

Chachisanu, samalani pakamwa. Tikapita kukazonda odwala kapena tikakumana kumphakati, tisafalitse dzina la matenda limene madokotala sadatsimikize. Mawu akuti "ali ndi khansa" akangoyenda m'mudzi, abale amagwa ulesi wosonkha ndalama ya ulendo, ndipo wodwala mwini amataya mtima. Mbali inayi, tisamulonjeze kuti achira ndi mapiritsi pamene sitikudziwa. Chimene tingamuuze moona ndi chakuti madokotala akufufuzabe ndipo ife tili naye limodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, mutu umodzi susenza denga. Odwala ambiri amalekera panjira osati chifukwa chokana chithandizo, koma chifukwa chosowa ndalama ya minibasi yobwerera kukajambulitsa kachiwiri, kapena chifukwa palibe wotsala ndi ana kunyumba. Gulu la amayi likasonkherana ndalama ya ulendo umodzi, kusinthana kudikirira wodwala, kapena kulimira banjalo munda kwa mlungu umodzi, limakhala lathandiza kuti kufufuza kufike pamapeto.

Zotsatira zikabwera zoti ndi khansa imene siingachotsedwe, chisamaliro sichithera pomwepo. M'zipatala zambiri za boma ndi za mishoni muli anamwino osamalira odwala matenda osachizika, amene amapereka mankhwala a morphine ochepetsa ululu, mankhwala a kuyabwa ndi nseru, komanso uphungu kwa banja. Pemphani kuti akulumikizeni nawo musadatuluke m'chipatala.

Zikabwera zoti ndi AIP, ntchito yathu ndi kuthandiza wodwala kumwa mankhwala motsatira ndondomeko yochepetsera, kupimitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kupewa mowa ndi fodya, ndi kusaphonya masiku obwerera kuchipatala ngakhale akumva bwino. Lembani mlingo wa mlungu uliwonse pa kalendala ya pakhoma kuti pasakhale kusokoneza. Akayamba kutsokomola kosalekeza, kutuluka thukuta usiku kapena kutentha thupi ali pa mankhwalawa, apite akapimidwe msanga. Ndipo maso akadzayambanso chikasu patapita chaka kapena ziwiri, kapena pakadzatuluka chotupa pansi pa chibwano, abwerere ndi mapepala ake onse kwa madokotala amene adamuthandiza poyamba.